Mizere Iwiri Imene Ndinabisa

Lolemba, 4 Meyi

Mwezi wachitatu wayamba. Wotsiriza wa kuyesedwa ntchito. Pa 29 abwana anena ngati ndikhala kapena ndinyamule kachikwama kanga. Ndikhala. Sindikuona chondichotsa.

Ndipo lero ntchito yanga yoyamba yandekha! Kauntala ya chitsulo chosachita dzimbiri, ya kiliniki yatsopano ya mayi dokotala wina. Yaitali mamita anayi ndi theka, yokhota kumapeto ngati chogwirira cha ambulera, sinki imodzi. Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikujambula mabulaketi ndi mahinjesi, ngati zaka zinayi za ku yunivesite zinali za mageti.

Amene anakayeza malowo ndi a Pensulo, kale m'Malichi. Dzinali ndinawapatsa ndine, chamumtima. Linathawa pakamwa tsiku lina, pano ofesi yonse ikuwatchula choncho, iwonso amayankha. Zaka makumi atatu ndi ziwiri akujambulira kampani ino. Kompyuta ali nayo, koma amaigwira ngati poto wotentha. Andipatsa pepala lojambula pamanja: manambala ngati nyerere, ndi mizere iwiri ya pensulo yofiira yodula kauntalayo patatu. Akuti, "Uikemo bwino m'makina akowo, mwanangu, ine ndidzasaina."

Makina anga. Chabwino.

Desiki yawo ili pawindo. Yanga yayang'anizana ndi khomo la kuchimbudzi. Izinso zidzasintha.

Lachitatu, 6 Meyi

Kauntala yaima pa kompyuta. Masiku awiri okha. Akanakhala ena, sabata.

Chondinyansa ndi mizere. Pulogalamu yojambulirayi, paliponse pamene mbali ziwiri zakumana, imalemba mzere. Pamene poongoka pathera ndi kuyamba kukhota, mzere. Pamene pamwamba pakupindikira kutsogolo, mizere iwiri. Kuzungulira sinki ndiye osanena. Pa chitsulo chenicheni diso silidzaona ngakhale umodzi, koma papepala chinthu chokongola chikuoneka ngati chakodwa mu ukonde wa kangaude. Zojambula zonse za muno zili choncho. Ndatsegula mafayilo akale, zaka ndi zaka, kangaude yekhayekha. Palibe amene anadzifunsapo ngati pali njira yoibisira.

Njira ilipo. Kusankha mizere yonse yogawana mbali ziwiri, kudina kamodzi. Mizere makumi asanu ndi limodzi ndi umodzi, zii. Kauntala yatsala mbee, ngati madzi oundana. Ndinaseka ndekha mpaka wa maakaunti anasuzumira.

Mizere yofiira ya a Pensulo ija nayonso yapita limodzi. Palibe vuto. Ndikudziwa chimene anadulira patatu: shiti ya chitsulo imabwera yaifupi, basi. Zolumikiza akuwekishopu amazidziwa kale, si ine wokawaphunzitsa.

Nsapato yakumanzere yayamba kuyasama. Ipirire mpaka pa 29.

Lachisanu, 8 Meyi

Tsiku langa.

Mayi dokotala anabwera cha m'ma teni, makiyi a galimoto ali m'manja, ofulumira. Abwana anayala zojambula patebulo. Mayiwo anaika makiyi pansi. Anayendetsa chala pamwamba pa kauntalayo kuchokera uku mpaka uko, n'kuti, "Palibe cholumikizira? Ichi ndiye ndimafuna. M'timipata ndi momwe mumabisala litsiro." Anafunsa amene wajambula. Abwana analoza ine ndi chibwano, koma analoza ndithu.

Mayiwo atachoka, abwana: "Mtsikana iwe uli ndi diso." Ndalemba apa kuti ndisadzaiwale mmene ananenera, akufufuza foni m'thumba, osandiyang'ana.

Kenako kwa a Pensulo kukasainitsa. Lamulo la muno: pepala silitsikira ku wekishopu popanda saini yawo. Ndinakonzeka nkhondo. Mayankho onse ndinali nawo pamlomo. Iwo anatenga pepalalo, analisendeza pafupi ndi mphuno, analibweza patali, anapukuta magalasi ndi tayi. "Zayera bwanji. Ndakukhulupirira, mwanangu." Saini. Mphindi imodzi sinakwane.

Ndinakhumudwako pang'ono. Nkhondo ndinaifuna.

Lachiwiri, 12 Meyi

Ndatsikira ku wekishopu koyamba ndi pepala langalanga. Phokoso, fungo la chitsulo chopsa, wayilesi yolira payokha pakona. Mkulu wa owotcherera ndi a Moto, aafupi, mikono ngati miyendo yanga, nsidze zinapsa kalekale sizinamerenso. Amandiitana Injiniya, mokoka, kuti anzawo aseke.

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Analitembenuza kumbuyo ngati mizere yagwera kuseri. "Injiniya, chonsechi n'chimodzi?"

Ine: monga mukuoneramo, bambo.

Anaimba kamluzu. Akuti zaka zonsezi kumwambako amawatumizira zidutswa zomanga ndi mabawuti ngati bedi la kuchipatala. "Lero mwandipatsa ntchito ya munthu. Ndikuonetsani." Analipachika pepalalo pakhoma ndi maginito, pamalo pamene panali kalendala.

Mwaona? Anthu amafuna kusintha. Amangosowa wowayambira.

Lachisanu, 15 Meyi

Ndapereka kwa abwana masamba awiri: ndondomeko yatsopano ya zojambula za kampani. Mfundo yoyamba, mizere yonse yogawana ibisidwe. Akuti aona. "Aona" wa abwana amatha kukhala mwezi. Ndiwakumbutsa Lachiwiri.

Kunyumba achemwali akuti ndachepetsa kudya, ndachulutsa kulankhula. Alamu akuti ndikalembedwa ntchito ndiwagulire tayala. Iwo ndi galimoto yawo yosamutsira katundu, nkhani zawo ndi mawadirobu a anthu basi. Dzulo ananyamula piyano ya munthu amene sadziwa kuiimba. Tinaseka mpaka achemwali anatsamwa.

Amayi anaimba foni. Auza kale azakhali kuti ndine injiniya wamkulu. Sindinawakonze. Angofulumira pang'ono.

Lachinayi, 21 Meyi

Yatha!

Sindinaonepo chinthu chotere. Mashiti atatu, a Moto awawotcherera, apala, akwecha, apukuta masiku anayi, mpaka pamene panali cholumikizira sipakudziwika. Anandiuza nditseke maso ndipapase. Ndinapapasa kawiri. Palibe. Nkhope yanga ikuoneka m'menemo kuyambira kusinki mpaka kokhota, yaitali ngati ya munthu wa m'supuni.

Anyamula amuna asanu ndi mmodzi kuti aisunthe pang'ono chabe. A Moto akuwakalipira ngati anyamula khanda: "Zala zanu zamafutazo kutali!" Aifunditsa bulangete lawolawo.

Abwana anatsika, anajambula ndi foni, atumizira mayi dokotala. Yankho linabwera tili pomwepo, timitima titatu. Tikapereka Lachisanu pa 29. Tsiku lomwelo la chigamulo changa. Zinthu zikamayenda zimayendera limodzi.

A Pensulo sanatsike. Mawondo, akuti.

Loweruka, 23 Meyi

Ndinawaonetsa chithunzi pa chakudya chamasana. Achemwali: eee, ngati ya mu hotela. Alamu anatenga foni, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, akutafuna.

"Mlamu, kiliniki yake ili pansi kapena pamwamba?"

Pamwamba, ndinatero. Nyumba yachiwiri kuchokera pansi.

"Nanga chimenechi chikwerera pati?"

Ndinaseka. Ndinati alamu, inu zanu ndi mawadirobu. Iwo anangokweza mapewa, akuti munthu wanzeru amayamba wayeza khomo, katundu pambuyo. Anabwerera ku mbale yawo.

Ine chakudya chinandikanika.

Mizere iwiri yofiira. Anakayeza malowo ndi a Pensulo. Anakwera masitepewo ndi mawondo awo omwewo.

Ayi. Mwina pali chikepe.

Lamlungu, 24 Meyi

Chikepe palibe.

Ndinabwereka tepi ya alamu. Mlonda anandilowetsa nditamuonetsa pepala la kampani. Fungo la penti, matailosi atsopano, masitepe opapatiza okhota kawiri. Pokhotera poyamba ndinayeza kanayi, ngati tepi ingasinthe maganizo. Chinthu chotalika kuposa mita imodzi ndi masentimita makumi asanu ndi atatu sichingatembenuke pamenepo. Mawindo ndi timizere tating'ono, totchinga ndi zitsulo zomangira m'khoma.

Mamita anayi ndi theka, kugawa patatu: mita ndi theka. Chidutswa chilichonse chikanadutsa bwinobwino, munthu akuimba nyimbo.

A Pensulo sanadulire shiti. Anadulira masitepe.

Ndinakhala pa sitepe yachisanu, nsapato yanga itayasama, ikundiseka. Mlonda anafunsa ngati ndikudwala.

Sindikudwala. Ndikuganiza. Pali njira, iyenera kukhalapo.

Lolemba, 25 Meyi

Ndinalowa ndi mawu okonzakonza oti ndiulule. Abwana anandiitana ndisanawatulutse.

Atseka chitseko. Awerenga ndondomeko yanga, aikonda. Kenako motsitsa mawu: a Pensulo atopa, chaka chino alakwitsa kawiri manambala, kampani ikufuna maso atsopano. "Chinanso chikangolakwika chimene asainira, ndiwapumitsa. Desiki ya pawindo ija sikhala yopanda munthu." Anandiyang'ana. Ulendo uno anandiyang'ana ndithu.

Ndinati zikomo bwana. Ndinatuluka.

Ndiye nkhani ili apa, ndiilembe mosabisa popeza buku ili ndi langa. Pepala lili ndi saini ya a Pensulo. Ine ndine wophunzira, ntchito yawo ndi kugwira zolakwa zanga. Lachisanu kauntala ikakakamira pamasitepe, funso loyamba la abwana likhala lakuti anasaina ndani. Ine kungokhala chete. Osanama ngakhale liwu limodzi. Windo, ndondomeko, kalata ya ntchito, nsapato.

Masana ndinapita kukabwereka sitepula padesiki pa a Pensulo, iwo atatuluka. M'dirowa, pansi pa mpango, galasi lokulitsira zilembo, lalikulu ngati sosala. Lobisidwa. Ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso.

Tsiku lija sanaone kuti mizere yawo palibe. Sakanatha kuona. Mu kangaude wathu uja akhala akusakasaka mizere yeniyeni ndi galasi, anthu tikapita kokadya. Ine n'kuwabweretsera pepala loyera, iwo mtima n'kukhala pansi. "Ndakukhulupirira."

Sindinanene kanthu lero. Ndabwera kunyumba ndi sitepula m'chikwama, sindikudziwa kuti inalowamo bwanji.

Lachiwiri, 26 Meyi

Ndanena.

Koma sindinapite chimanjamanja, ine si wolira pakhomo la bwana. Ndinafika sikisi koloko m'mawa, woyamba, ndinajambula kaye yankho. Tidule malo awiri omwe aja. Pansi tiike timilomo ta mabawuti toti zidutswa zigwirane molunjika. Tikweze chimodzichimodzi. Pamwambapo a Moto akawotcherere komweko, apale, apukute. Mayi dokotala alandira chimene analonjezedwa, chopanda mpata. Tichedwa masiku awiri.

Ndinaika patebulo la abwana mapepala atatu: la a Pensulo la mizere yofiira, langa loyera, ndi latsopanoli. Ndinati mizere inalipo, ndinaibisa ndine, a Moto anafunsa ndipo ndinawayankha ndine kuti n'chimodzi.

Anafunsadi. "Anasaina ndani?"

Ndinati anasaina pepala limene ndinachotsamo chinthu osawauza. Munthu angagwire mzere wolakwika, koma mzere woti palibe augwira bwanji? Za galasi sindinatchule. Si zanga.

Anakalipa. Mawu ambiri, ena a chitsulo, ena a mayi dokotala, ena a achinyamata a masiku ano amene amadina asanafunse. Khutu langa lamanja likulirabe. Pomaliza anakoka pepala lachitatu, analiyang'ana, n'kuti, "A Moto ukawauze wekha."

Bola kukalipa kuja.

Ndinadutsira kwa a Pensulo kukabweza sitepula. Anali atamva kale, makoma a muno ndi mapepala. Sanandinyoze, zimene zinandipweteka kuposa. Anangoti, "Ukanandifunsa, mwanangu. Inenso ndikanakufunsa." Ndinati mzere wofiira sunalembedwe tanthauzo paliponse. Akuti aliyense muno amadziwa. Ndinati ine sindinali aliyense, ndinali watsopano. Anaseka, akuti pamenepo ndawina.

Ndawinako kamodzi lero. Ndilembe.

Lachitatu, 27 Meyi

A Moto anazimitsa wayilesi. Sindinadziwe kuti imazima.

Anamvetsera mpaka kumapeto, manja m'chiuno. Anavundukula bulangete. Kauntala ili phee, ikuwala, yosalakwa. "Masiku anayi, Injiniya. Mkazi wanga anayesa ndakwatira kuno."

Palibe anaseka. Kenako mmodzi anaseka, onse n'kutsatira, kupatula iwo.

Anatulutsa cholembera chakuda m'thumba la ovolosi, anandipatsa pamodzi ndi sikweya. "Mzere unabisa uja, ulembe wekha. Ine dzanja langa likana."

Ndinayeza mita ndi theka. Ndinalemba. Cholemberacho chinalira pachitsulo ngati mwana wa mphaka. Mzere wachiwiri. Wakuda bii, pakati pa nkhope yanga.

Podula anandiuza ndigwire mbali inayo. Ndinagwira. Kunjenjemera kwa makina kunafika mpaka m'mano. Atamaliza anapapasa m'mphepete modulidwamo, n'kuti mzere wanga ndi woongoka, "ngati wa munthu woti akhoza kudzaphunzira ntchito."

Timilomo ta mabawuti atikonda. Sananene, koma anapachika pepala latsopanolo pakhoma, pamwamba pa lakale.

Lachisanu, 29 Meyi

Galimoto ya kampani inali kwina, ndiye abwana anachita hayala ya alamu. Ya alamu! Ndinawapempha m'mawa kuti asatsegule pakamwa. Analumbira. Pa sitepe yoyamba penipeni: "Paja ndinanena ndani za khomo?" A Moto anafuna kumva nkhani yonse. Anaimva kawiri. Pano ndi mabwenzi.

Chidutswa choyamba chinadutsa. Chachiwiri chinadutsa. Chachitatu, chokhota chija, chinaima pokhotera. Alamu: tsitsani kumutu, kwezani kumchira, pang'ono, pang'ono. Chinatembenuka. Pakati pa chitsulo ndi khoma panatsala mpata wa zala ziwiri. A Pensulo anayeza ndi maso awo omwewo, m'Malichi, osaphonya.

Madzulo, abwana. Sindinalembedwe. Sindinachotsedwe. Mwezi wina umodzi wa kuyesedwa. Za windo sanatchule, inenso ayi. Ndondomeko yanga anandibwezera atakhwatcha mfundo yoyamba: "Ukonze."

Ndakonza kale, m'basi, pabondo. Mizere yopanda ntchito ibisidwe ndithu, pamenepo sindibwerera, ndinali wolondola. Koma mzere wa pamene chinthu chikugawika ukhale wonenepa, wofiira, ndi mawu pambali onena chifukwa chake. Woti munthu auone ataima pakhomo. Wopanda galasi.

Amayi aimbanso. Ndawauza kuti injiniya wamkulu wachedwa ndi mwezi umodzi. Akuti azakhali asamve.

Nsapato ndaimata ndi guluu wa ku wekishopu. A Moto akuti imeneyo ndiye sidzayasamanso mpaka ine nditakalamba.

Lachiwiri, 2 Juni

Awotcherera dzulo, apukuta lero. Mayi dokotala anabwera, anayendetsa chala kuchokera kusinki mpaka kokhota. "Ndendende ngati papepala." Anapita osadziwa kanthu.

Ndinatseka maso, ndinapapasa. Palibe. A Moto akukulunga mawaya, osatembenuka: "Ine ndikudziwa pamene uli. Iwenso ukudziwa. Basi, tilipo awiri."

Kubwerera ku ofesi, ndinasindikiza chojambula choyamba cha ndondomeko yatsopano, shelefu wamba, ndinakawapatsa a Pensulo. Sanachisendeze kumphuno. Anachigwira patali, ngati munthu wowerenga nyuzipepala pakhonde. Anapeza nambala imodzi yolakwika. Yanga. Anaizunguliza mosangalala kwambiri, mpaka kuimba kanyimbo.

Nditabwerako kochapa kapu, padesiki panga pali pensulo yofiira. Yatsopano. Palibe kapepala, palibe mawu. Iwo ali pawindo pawo, akuyang'ana kunja ngati sakudziwa kanthu.

Yosasongola.

Chosongolera mu ofesi yonse ino chilipo chimodzi, ndipo chili m'dirowa mwawo. Ndiye kuti mawa ndikapemphe.